Dengu la Amayi ndi Mtsinje wa Nasolo

Dengu limene amayi ankapita nalo kumsika wa Ndirande linakhalitsa m'nyumba mwathu kuposa mipando. Linali la nsungwi, lofiirira ndi utsi ndi thukuta la m'manja, ndipo mkombero wake anali atausoka kawiri ndi luzi latsopano. Pansi pake amayi anayalapo chidutswa cha chiguduli kuti nyemba zisamatayikire m'timipata. Loweruka m'mawa ankapinda kansalu kukhala nkhata, kusenza dengulo, n'kuyamba kutsetsereka kulowera kumsika, ine ndili pambuyo ndi mabotolo awiri opanda kanthu, la mafuta ophikira ndi la palafini. Munali m'zaka za m'ma 1970, ndipo mawu oti jumbo ndinali ndisanawamvepo.

Tauni ya Blantyre inayamba mu 1876, pamene amishoni a ku Scotland anakhazikika m'dziko la mfumu Kapeni. Phiri la Ndirande linalipo kale, ndi midzi yake m'munsi. Tauni itakula, pakati pake panakhala pa azungu ndi amwenye, ndipo munthu wakuda wogwira ntchito m'masitolo, m'maofesi ndi m'makhitchini awo ankagona kunja kwa malire, pamalo poti akalawirira wapansi afike ntchito isanayambe. Ku Ndirande kunali pafupi. Anthu anabwera kuchokera ku Chiradzulu, Thyolo, Mulanje, Zomba ndi Ntcheu, aliyense ndi chilankhulo chake ndi kaphikidwe ka kwawo. Mafakitale atachuluka ku Makata, monga ya nsalu ya David Whitehead ndi ya mowa ya Carlsberg imene inatsegulidwa mu 1968, nyumba zinayamba kukwera phiri. Goliyo, Chinseu, Malabada, Newlines: mayina amenewa tinkawatchula ngati midzi, ngakhale kuti panalibe tchire lowalekanitsa.

Pakati pa nyumba zonsezi pamadutsa mtsinje wa Nasolo. Umachokera m'phiri, kudutsa chakumsika, n'kukathira mu Mudi, mtsinje umene umapitirira mpaka kuseri kwa msika waukulu wa m'tauni. Sindinganame kuti madzi ake anali oyera ngati a pakasupe. Thovu la amayi ochapa linkalowamo, zinyalala za kumsika zinkalowamo, ndipo zimbudzi zina zinali pafupi kwambiri ndi gombe. Koma tinkagwiramo nkhanu potembenuza miyala, ndipo mvula yoyamba ikagwa mtsinje unkakokolola makoko a nthochi, zitsononkho, masamba ndi mapepala, n'kutsala ngati wina wausesa. Chimene chakodwa pa bango chinkaola mwezi usanathe. Ndikamaima pa mlatho masiku ano n'kuyang'ana pansi, ndimaona kuti mbiri ya mtsinjewu ili m'zinthu zimene anthu ankanyamuliramo katundu pochokera kumsika.

Ndiyambe ndi mchere. Bambo wina wachikulire amene ankakhala pafupi ndi chipata ankang'amba nyuzipepala yakale, Malawi News kapena Boma Lathu, kuizunguliza pa chala kamodzi kokha n'kukhala kafanulo kotseka kunsi, kuthiramo mchere ndi kachitini, kenaka kupinda kukamwa kwake katatu. Asanang'ambe ankayamba ayang'ana mbali zonse ziwiri za tsambalo. Likakhala ndi chithunzi cha Kamuzu ankaliika pambali mwaulemu, osanena kanthu, ndipo ife ana tinkadziwa kuti zimenezo safunsa. Nyama ankaikulunga m'pepala lakhaki la thumba la simenti, lapakati losakhudza simenti lija, n'kumanga ndi luzi, kusiya pokolowekapo chala. Chambo chachiwisi ankachitunga ndi mlaza kukamwa, ndipo wogula ankayenda nacho chikulendewera, mzere wonse wa nyumba n'kudziwa kuti kwa auje lero kuli ndiwo. Usipa wa ku Mangochi ndi matemba a ku Chilwa ankagulitsa pamulu, n'kukukokolerani m'mbale imene mwabwera nayo, basela pamwamba. Nkhwani, mpiru, bonongwe ndi chisoso ankazimanga ndi luzi la nthochi. Zitumbuwa ankakupatsirani pa tsamba, ndipo mkate wa nthochi unkapsera m'tsamba momwemo, moti ukamadya unkamva fungo la tsambalo mpaka kukhosi.

Mafuta ankayeza ndi kakapu kachitsulo ka mpini wautali, n'kuthira m'botolo lathu kudzera m'fanulo, dontho lomaliza akulidikira kuti ligwe. La palafini tinkatseka ndi chitsononkho. "Iwe, ukaswa limenelo tigona mumdima sabata yonse," amayi ankatero, ndipo ndinkaligwira ndi manja awiri mpaka kunyumba.

Botolo linali ndalama. La Fanta, la Coca-Cola, la Cherry Plum linkabwerera ku golosale, kuchoka apo n'kupita kufakitale kukatsukidwa ndi kudzazidwanso. Lina linkachita kukhala ndi mkanda woyera m'chiuno chifukwa chokhulana ndi anzake m'makireti maulendo osawerengeka. Mwana akatola botolo m'ngalande, tsiku limenelo wadya zitumbuwa. Zitini nazo sizinkafa. Amisiri a ku Ndirande, amene kugogoda kwawo kumamveka kutali mpaka lero, ankasandutsa chitini cha mkaka kukhala koloboyi, mgolo kukhala mbaula kapena chiwaya, malata otsala pomanga kukhala ndowa. Mbiri yoti ku Ndirande kulibe chinthu chimene sangakupangireni inayambira pa zinthu zimene ena anataya.

Si zonse zinali zabwino, ndipo ndikanena zabwino zokhazokha ndikhala ndikunamiza ana. Thobwa ankagulitsa mu ndowa, ndi makapu awiri kapena atatu amene aliyense ankamwera, n'kungowaviika m'beseni la madzi amodzimodzi kuyambira m'mawa mpaka masana. Inki ya nyuzipepala inkatsalira pa mandasi, moti nthawi zina unkatha kuwerenga zilembo pa chimene ukudya. Mvula ikakupeza panjira, shuga wa m'pepala ankafika kunyumba ali manyuchi.

Koma chinthu chimodzi sindinachionepo cholowa m'malo mwake, ndicho chikwatu. Agogo akabwera kuchokera ku Chiradzulu chakumapeto kwa nyengo yozizira, ankabwera nacho pamutu. Ndinawaonapo akuchipanga ulendo wina nditapita kutchuthi kumudzi. Anathyola masamba a msuku, akuluakulu olimba ngati chikopa aja, n'kuwayala m'lichero mosanjikiza, lina kuphimba m'mphepete mwa linzake monga amachitira pofolera nyumba. Pakati anathirapo mfutso wa khwanya ndi chitambe umene anali ataufutsa n'kuuyanika pa mphasa. Atatero anasonkhanitsira masamba aja pamwamba, kuwonjezera ena pamene panali mpata, n'kuzunguliza luzi uku ndi uku, akukoka ndi mano, mpaka chinthucho chinakhala ngati dzungu lalikulu. Anachipachika kutsindwi kwa khitchini, pamwamba pa mafuwa, kuti utsi uzipirikitsa tizilombo. "Mwanawe, samasula pamwamba," anandiuza. "Umaboola pambali pang'ono, kutapa za lero, n'kutsekanso." Ndiwo zimenezo zinkatifikitsa ku mvula. Chikwatu chikatha, masamba ankapita pamoto kapena kudzala, luzi n'kumangira china.

Dzala lathu linali kuseri kwa bafa. Chilichonse chinkapita kumeneko: phulusa, makoko, nthenga za nkhuku, mapepala onyowa. Pofika Disembala pankamera maungu ndi tomato amene palibe anadzala, ndipo dzenje likadzaza bambo ankakumba lina, pa lakalelo n'kuokerapo nthochi. Munthu wa nthawi imeneyo sankachita kuphunzitsidwa kataidwe ka zinyalala, chifukwa dothi linkamaliza lokha ntchito. Ukadya chitumbuwa, tsamba unkaponya pansi, mbuzi n'kulidya kapena chiswe n'kulimaliza. Makolo athu anachita zimenezo kwa zaka mazanamazana popanda vuto. Dzanja lathu linapitiriza kuponya pansi chomwecho, chokulungira chitasintha.

Pepala lapulasitiki loyamba kulowa m'nyumba mwathu linachokera kusitolo ya PTC, ndipo tinalilandira ngati mlendo. Amayi analichapa, kuliyanika pa chingwe pamodzi ndi zovala, n'kulipinda pansi pa matiresi. Linanyamula makope anga a kusukulu dzinja lonse. Litang'ambika chogwirira, anasungiramo makadi a kusikelo ndi a mpingo. Palibe amene akanaganiza zolitaya mumtsinje.

Zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 1990, ndipo zinatembenukira pamodzi. Mu 1992 kunali chilala choopsa, ndipo mwezi wa Meyi chaka chomwecho antchito a m'mafakitale a mu Blantyre ananyanyala ntchito, chipolowe n'kufika mpaka m'misewu yathu. Mu 1993 kunali riferendamu, mu 1994 boma latsopano, ndipo chaka chomwecho kwacha inagwa mphamvu kwambiri, mitengo ya zinthu n'kusiya malipiro kumbuyo. Ntchito za m'makampani zinachepa. Amene kale ankagula thumba la chimanga pakutha pa mwezi anayamba kugula ufa wa tsiku limodzi. Malonda anasefukira kunja kwa msika n'kudzaza m'misewu, ndipo pafupifupi khonde lililonse linakhala ndi kabenchi ka tomato, makala ndi mafuta. M'zaka zomwezo mitengo ya paini ya m'phiri la Ndirande inadulidwa mpaka phiri kutsala miyala ndi minda, ndipo madzi a mvula anayamba kutsika mwaliwiro, ofiira ndi dothi.

Apa m'pamene jumbo inapezera malo. Ufa wokwana nsima imodzi ya banja ankaumanga m'kapepala kapulasitiki, ndipo anthu anautcha walkman, potengera kawailesi kamakaseti kamene achinyamata ankayenda nako m'manja. Mafuta anayamba kugulitsidwa m'timachubu topyapyala tomanga mfundo, shuga wa tiyi wa m'mawa umodzi m'kake, mchere m'kake, sopo waufa m'kake, makala a mphika umodzi m'jumbo yakeyake, ndipo zonsezo pamodzi n'kulowa m'jumbo ina ya buluu. Ndimamva anthu ena, makamaka amene amagula za mwezi wonse n'kulongeza m'galimoto, akunena kuti amayi a masiku ano ndi aulesi, safuna kusenza dengu. Zimenezo ndimazikana. Mayi amene wachapa zovala za eni ake ku Nyambadwe tsiku lonse, n'kulandira ndalama yake dzuwa litapendeka, alibe dengu m'manja pobwerera, ndipo zimene ndalamayo ingagule sizingadzaze ngakhale nsengwa. Amayi anga ankasenza dengu chifukwa bambo ankalandira pamwezi, ndipo Loweruka ankadziwa chimene tidzadye Lachinayi.

Jumbo inadyetsanso anthu. Ana ambiri a m'dera lathu anaphunzira ndi ndalama ya mafilizesi ndi madzi ozizira a m'timachubu. Thobwa linachoka mu ndowa n'kulowa m'mabotolo apulasitiki otoleza. Pachipata cha msika panayamba kuima tianyamata, tina ta msinkhu woyenera kukhala m'kalasi, tikukuwa kuti, "Jumbo apa, mayi! Jumbo! Ndikunyamulireni?" ndipo kwa ena mwa iwo ndalama imeneyo ndiyo inali nsima ya madzulo. Ana anapeza mpira wa chikulunga, womanga ndi majumbo ndi zingwe, wodunda bwino kuposa wa nsanza umene ife tinkasewera. Amayi anapeza choyatsira mbaula chosavuta: kupotokola jumbo, kuyatsa kunsonga, n'kudonthezera pa makala. Fungo limenelo, lakuthwa lokanda pakhosi, linasanduka fungo la m'mawa ku Ndirande, ndipo mwana wa kumsana ankalipuma asanadye phala. Ena anayamba kuvundikira mbatata ndi mpunga pamoto ndi jumbo kuti zipse msanga. Tchipisi cha pachiwaya, chotentha chikutuluka mafuta, chinkathiridwa m'jumbo mpaka pepalalo kufota.

Dzala ndilo linayamba kudandaula. Bambo atakalamba, ine ndi mng'ono wanga tinapita kukakumba pa dzala lakale kuti titengepo manyowa. Khasu linkangokodwa. Dothi linali losanjikizana ndi majumbo, ena akuonekabe mtundu wake, a zaka khumi zapitazo. Nthochi imene inali pamenepo inali yonyentchera, mizu yake itazungulira pulasitiki kufunafuna polowera. Kuyambira pamenepo anthu ambiri anasiya kukumba maenje. Ena amatentha zinyalala madzulo, ena amadikira usiku n'kukakhuthulira mumtsinje. Magalimoto otenga zinyalala kupita nazo ku Mzedi sangalowe m'tinjira ta ku Ndirande, timene pena ngakhale wilibala imachita kupendekera, ndiye Nasolo ndi amene anasenza ntchitoyo.

Pitani mukaone mvula yoyamba ikangogwa. Bango ndi nthambi zonse za m'mbali zimavala nsanza za buluu ndi zakuda mpaka pamene madzi analekeza. Pansi pa mlatho pamaunjikana mabotolo, matewera a ana otaya, timachubu ndi matumba, n'kutseka njira. Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa, ndipo akapeza khwawa lawo latsekedwa amalowa m'nyumba za anthu. Chilimwe, madzi otsalira m'mabotolo ndi m'maenje otsekeka amaswetsa udzudzu. Namondwe wa Freddy, amene anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno mu Malichi 2023, sindingamuike pa mutu wa jumbo. Mvula imeneyo inagumula mapiri, ndipo ku Chilobwe, m'munsi mwa Soche, inakwirira mabanja athunthu. Koma amene tinaona Nasolo masiku amenewo tinaonanso zimene anasanza madzi ataphwera: milu ya pulasitiki yosakanikirana ndi matope, ziwiya ndi malata a nyumba za anthu.

Chimene chinandilasa mtima ine chinali mbuzi. Tinagula mbuzi ya chinkhoswe cha mng'ono wanga kwa bambo wina wa kumtunda, kufupi ndi phiri. Mimba yake inali yaikulu, koma nthiti zinkawerengeka, ndipo ubweya unali utaima. Amalume ndiwo anaipha. Atatumbula chifu kuti atsuke zopangira nthumbwana, mpeni unagunda chinthu cholimba. Anatulutsa chibulumwa chachikulu ngati mutu wa mwana, chakuda, chonunkha, majumbo opotana ndi ulusi wa matumba. Anachifwatula ndi kamtengo, akuyesa kuwerenga, mpaka analeka. "Alamu," anatero poyang'ana bambo, "nyamayi imafa ndi njala m'mimba muli modzaza." Mbuzi imatsata mchere ndi mafuta otsalira pa jumbo ya tchipisi kapena ya usipa, n'kumeza zonse. Pulasitiki sagayika. Amakhala m'chifu, kukulungana ndi mnzake wa mawa, mpaka udzu kusowa pokhala. Tsiku limenelo nthumbwana sitinaphike.

Nkhani yomweyi ndi imene inadzutsa mayi Gloria Majiga-Kamoto, amene ankagwira ntchito ku bungwe la CEPA mu Blantyre momwemuno. Alimi a m'ndondomeko yopatsirana mbuzi ankadandaula kuti ziweto zikufa chifukwa chodya mapepala apulasitiki. Kafukufuku wina ku Mponela anapeza kuti pa ziweto 100 zilizonse zophedwa, pafupifupi 40 zinali ndi pulasitiki m'mimba. Pa nthawiyo ankawerengera kuti dziko lino limapanga matani 75,000 a pulasitiki pachaka, ndipo magawo 80 pa 100 alionse ndi wogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya. Lamulo linalipo kale. Mu 2015 boma linaletsa kupanga, kuitanitsa ndi kugulitsa mapepala apulasitiki opyapyala osafika mamayikuloni 60, kumene kuli pafupifupi kunenepa kwa tsitsi limodzi la munthu. Chifukwa chake n'chakuti pepala lopyapyala limang'ambika ulendo umodzi, siligwiranso ntchito kachiwiri, ndipo palibe amene angalitole kuti akagulitse. Makampani opanga mapepalawa anakatenga chiletso kukhoti, ponena kuti anthu ambiri achotsedwa ntchito, ndipo majumbo anapitiriza kutuluka. Mayi Majiga-Kamoto ndi anzawo anayenda m'misewu, analankhula pa wailesi, anakakhala m'mabwalo a milandu, mpaka pa 31 Julaye 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti lamulolo ligwire ntchito. Mu 2021 mayiyu analandira mphotho ya Goldman, imene imaperekedwa kwa omenyera chilengedwe pa dziko lonse. Koma milandu sinathere pomwepo. Ziletso zina zinatsatira, ndipo kukokanakokana pakati pa makampani ndi bungwe la boma la MEPA kunafika mpaka mu 2025.

Kumsika kwathu nkhani zonsezi zinkafika ngati mphepo. Wailesi ikalengeza, majumbo opyapyala ankabisala pansi pa benchi sabata ziwiri kapena zitatu, kenaka n'kutulukanso. Okhuthala, ololedwa aja, ndi okwera mtengo, ndipo mayi wogulitsa tomato wa mulu sangapereke ulere chinthu chodya phindu lake lonse. Ine lamulolo ndimaligwirizana nalo ndi mtima wonse, ndipo ndimafuna litagwira kufakitale, kumene pepalalo limabadwira, m'malo molanda katundu wa mayi wa pabenchi. Komanso ndimadziwa kuti lamulo silingabweze zimene zinapita. Nthochi za ku Thyolo, zimene zinkadzaza malole, zinatha ndi matenda a chisaka, moti zambiri zimene tikudya m'tauni zikuchokera ku Tanzania ndi ku Mozambique, ndipo masamba ake satsagana nazo. Misuku yambiri inapita ku makala. Nyuzipepala anthu akuwerengera pa foni. Nsungwi zikuchokera kutali, ndipo oluka madengu ambiri amene ndimawaona ndi a imvi. Wouza mayi wa ku Ndirande kuti abwerere ku tsamba la nthochi ayambe wamuonetsa pamene pali nthochiyo.

Zimene zikutheka ndimaziona kwa achemwali anga ku Chinseu. Iwo sanapiteko ku msonkhano uliwonse wa zachilengedwe. Anangotopa ndi kugula jumbo tsiku ndi tsiku, ndi chifuwa cha mdzukulu wawo. Anatenga zitenje ziwiri zakutha n'kupita nazo kwa telala wa pakhonde, amene anawasokera zikwama zitatu za zogwirira zolimba. Chimodzi chimakhala chopinda m'chikwama cha m'manja nthawi zonse, kuti ndalama ikapezeka mwadzidzidzi chonyamulira chikhalepo. Pokagula nyama kapena usipa amatenga bakuli la chivundikiro, ndipo ogulitsa anazolowera, amayamba ayeza bakulilo pa sikelo lisanalowe kanthu. Mafuta amasonkherana ndi amayi anzawo atatu a pa mzere wawo, kugula chigubu cha malita asanu, n'kugawana m'mabotolo agalasi. Anandiwerengera okha kuti mafuta a m'timachubu, ukaphatikiza mwezi wonse, amadula kuposa a m'chigubu, kungoti munthu mmodzi sangakwanitse chigubu payekha. Ufa amasunga mu ndowa ya malata yopangidwa ku Ndirande konkuno.

Mbaula amayatsira zitsononkho, makoko a mtedza ndi tizidutswa ta katoni, zimene amasunga m'thumba pakona pouma. Zimatenga kanthawi ndi kukupiza, ndipo dzinja zimavuta, iwonso amavomereza. Mpunga amavundikira ndi chivundikiro n'kuikapo makala pamwamba, monga ankachitira amayi. Madzi akumwa ali mumtsuko wa dothi pakona ya chipinda, ozizira ngakhale magetsi atazima tsiku lonse, chifukwa mtsuko umachita thukuta ndipo thukutalo pouma limatenga kutentha. Kumpanda wa bafa anadzalako chinkhupule, chimene chimawapatsa chosambira ndi chotsukira mbale chaka chonse. Kuseri ali ndi milu iwiri, wa zoola ndi wa zosaola. Wa zoola umadyetsa mpiru ndi tomato wa m'matumba akale a feteleza amene anandandalika m'mbali mwa khoma. Wa zosaola ndi umene umawasowetsabe mtendere. Mabotolo amapatsa amayi a thobwa, koma timapepala ta sopo, ta mkaka ndi ta mabisiketi a ana tilibe kopita. "Achimwene, izi ndiye ndizitani nazo?" anandifunsa tsiku lina atanyamula thumba lodzaza, ndipo ndinalibe chowayankha.

Dengu la amayi linatha kalekale. Pomaliza linkasungira makala, kenaka nkhuku inaikiramo mazira, mpaka chiswe chinalimaliza. Mwezi wathawu ndinapita kumsika ndi mdzukulu wa achemwali, mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi, kukafuna lina. Tinadutsa mabenchi a mabeseni ndi mabasiketi apulasitiki a mitundumitundu, mpaka chakumapeto, kumene tinapeza bambo wachikulire atakhala pa mpanda wa njerwa, malichero ndi madengu ali pambali pake, mpeni uli m'manja akusenda nsungwi. Ankaing'amba pakati, kuing'ambanso, n'kuipala pa bondo lovala chidutswa cha tayala mpaka itapyapyala moti n'kupindika osathyoka. Nditafunsa mtengo ndinadandaula kuti wakwera.

"Bambo, nsungwizi ndimakwera nazo minibasi," anatero. "Koma mukalisamala, osalisiya pamvula, mwanayu adzakwatiwa likadalipo. Mkombero ukamasuka mudzabwere nalo, ndidzasoka."

Tinagula lapakati. Mtsikanayo anafuna kulinyamula m'manja ngati beseni, ndipo mayi wina wogulitsa nyemba pafupi anamuitana. "Bwera kuno, mwanangu. Sanyamula choncho." Anavula kansalu kamene anamanga m'chiuno pamwamba pa chitenje, kukapotokola, kukazunguliza pa dzanja kukhala nkhata, n'kumuika pamutu. Tinathiramo nyemba, tomato, anyezi ndi mpiru womanga ndi luzi, bakuli la usipa pakati. Pachipata kamnyamata kanatithamangira ndi majumbo ake, kanayang'ana dengulo, n'kutembenukira kwa mayi wina amene ankabwera pambuyo pathu manja ali odzaza. Pa mlatho wa Nasolo mtsikanayo anayenda pang'onopang'ono, khosi lili chilili, dzanja limodzi lili pa mkombero, ndipo anandifunsa osatembenuka ngati n'zoona zimene agogo ake amanena, kuti pansi apo pankapezeka nkhanu.